Laimu pa Linga la Atate

Laimu uja ndinagula ndine. Ndiyambire pamenepo, chifukwa abale anga akamakamba nkhaniyi amakonda kukankhira mlandu wonse kwa atate, chonsecho munthu ali m'manda sangadziyankhire.

Atate anali mphunzitsi wamkulu wopuma, wophunzitsidwa ku mishoni, munthu wopisira malaya ngakhale popita kumunda. Atapuma anakakhala kumudzi, njira ya ku Chipangali. Kuseri kwa munda wawo kunali phiri, ndipo pamwamba pake panali mpanda wa miyala yosanjikiza popanda dothi, wolekeza m'chiuno, wogumuka malo ambiri. Anthu ankangoti pa linga. Amene anamanga palibe ankawadziwa. Pansi ponse panali mbwee mapale a miphika yamizeremizere, mphero zokumbika pakati, ndi timiyala takuthwa tomwe atate ankati tinali mipeni ya anthu akalekale.

Zaka zimenezo ntchito zinali kutha m'tauni, ndiye anthu ambiri anayamba kuphwanya miyala n'kumagulitsa kwa omanga nyumba. Nyundo zinayamba kumveka m'tsinde mwa phiri, chaka ndi chaka zikukwera. Atate mtima unali m'mwamba. Anayamba kulemba makalata kwa a boma oyang'anira zinthu zakale, kupempha kuti phirilo lilembedwe m'buku la malo otetezedwa, ophwanya miyala asalikhudze. Ine ndinali kalaliki, ndikukhala m'tauni, ku Kapata, choncho makalatawo ndinkawataipira ndine nthawi ya nkhomaliro. Zaka zitatu, yankho zii. Ndinkawaseka kuti, “Atate, kodi miyalayi ndi ana anu?” Iwo ankati, “Bola miyala, siyankha mwano ngati iwe.”

Tsiku lina kalata inabwera. Akatswiri awiri adzafika pakatha milungu iwiri kudzaona malowo.

Munthu amene moyo wake wonse wakhala akulandira oyendera sukulu amadziwa chinthu chimodzi: mlendo wa boma sapeza pamalo pali zinyalala. Ifenso ana awo tinaleredwa momwemo. Loweruka ndinakwera basi ndi thumba la laimu ndi mabulashi anayi, ndikudzimva ngati mwana wanzeru kuposa onse.

Atate anapempha amayi a kutchalitchi kwathu, ndipo anabwera ndi masache, makasu ndi madengu, akuimba nyimbo za m'buku. Tinalambula phiri lonse. Mapale tinasesa, madengu osawerengeka, n'kukataya kuchigwembe. Okongola okha ndiwo tinatsuka ndi sopo n'kuwayala pa tebulo, aakulu kumbuyo, aang'ono kutsogolo. Mphero tinazizula pomwe zinali n'kuzindandalika m'mbali mwa njira. Pogumuka pa mpanda atate anakoka chingwe, tinasanjanso miyala mowongoka bwino. Kenako ine ndinasungunula laimu m'ndowa. Pofika Lachisanu linga linali mbee, likuonekera kumsewu. Atate anaima m'tsinde, manja kumbuyo, akumwetulira. Sindinawaonepo okondwa chotero, ndipo mpaka lero ndikakumbukira nkhope ija mtima umandiwawa.

Alendo anafika m'mawa pa galimoto yafumbi: mayi wachikulire wa chipewa, ndi bambo wina wonyamula tepi yoyezera. Atate anali m'jekete ndi tayi. Titafika pamwamba mayi uja anangoima, dzanja pakamwa. Ine ndimvekere mumtima, eya, wagoma.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa tebulo. “Aphunzitsi,” anatero, “mapale awa munawatola pati?”

“Ponseponse, mayi. Enawo tinataya, anali oswekasweka.”

“Nanga mpanda wakale ukulekeza pati, wanu ukuyambira pati?”

Atate anatembenuka kuti aloze. Dzanja linakwera, linayenda uku ndi uku, kenako linatsika. Ponse panali poyera mofanana.

Mayiyo sanakalipe, ndipo mwina akanakalipa zikanakhala bwino. Anafotokoza mofatsa kuti phale limauza anthu nkhani likakhala pomwe linagwera, pafupi ndi phulusa lake ndi mphero yake. Ukalichotsapo n'kulitsuka, latsala phale wamba. Anati chimene iwo anadzera ndi chomwe ife tinasesa.

Ine mkwiyo unandikwera. Ndinati, “Zaka zitatu tikulemba, inu muli phee. Mukanatiuza m'kalata kuti tisakhudze kanthu, inki ikanatha?”

“Khala chete, mwanawe,” anatero atate. “Pamaso pa alendo sitiyankhula choncho.”

Anayezabe apa ndi apo, anajambula zithunzi zingapo. Nkhuku imene amayi anga anaphika anangoilawa mwaulemu. Patatha miyezi kalata inabwera yonena kuti malowo anasokonezedwa kwambiri, sangalembedwe m'buku. Atate anaipinda n'kuiika m'Baibulo. Sanandinene ngakhale kamodzi. Ndinkalakalaka atandikalipira, koma ayi ndithu, ankangondifunsa za kuntchito. Kuphiri sanakwerenso, akuti mawondo.

Ophwanya miyala sindiwada, ana awo ankafuna kudya. Atamva kuti boma lakana, anakwera. Miyala ya mpanda inali yosavuta n'komwe, yosafuna kukumba, ndipo njira tinali titawalambulira tokha.

Patapita zaka ziwiri atate anabwera kwanga ku Kapata kudzaonana ndi adokotala chifukwa cha chifuwa. Tikuchokera kuchipatala masana, tinapeza lole itatsitsa mulu wa miyala pa puloti ya aneba, yomangira maziko. Yambiri inali ndi mbali imodzi yoyera. Ndinaizindikira nthawi yomweyo, mpaka mizere ya bulashi. Ndinayesa kuwakokera atate kuchipata, ndikubwebweta za tiyi, koma anali ataona kale.

Anawerama movutikira, natola mwala umodzi. Anaupukuta fumbi ndi mkono wa jekete, naukanda ndi chikhadabo. Ndinadikira kuti tsopano anena zimene anasunga nthawi yonseyi.

“Unapaka bwino, mwana wanga,” anatero. “Mvula ziwiri, laimu osachoka.”

Anaubwezera pa mulu bwinobwino, mbali yoyera kumwamba, tinalowa m'nyumba.