Malaya a Lolemba

Bambo a mwana wanga anamaliza koleji ya zaulimi chaka chimene fodya anagwa mtengo. Titakwatirana anabwera kudzakhala kwathu kufupi ndi Ludzi, pa chikamwini. Amalume anatipatsa munda wa kumtunda kwa dambo, nati, "Mkamwini ndi khasu. Munda uwu ukakhala tsala kawiri, ndiupereka kwa wina."

Chaka choyamba unakhaladi tsala. Kuesiteti ina ya fodya anali atawalonjeza bambo a mwana ntchito ya ulangizi, n'kuwauza kuti abwere Lolemba. Ndiye Lolemba lililonse ndinkaika makala m'simbi, kusita malaya awo oyera, iwo n'kunyamuka. Masiku enawo khasu sankaligwira, akuti manja angachite matuza, abwana n'kuwayesa tenanti. Akabwera madzulo ndinkafunsa.

"Zayenda bwanji?"

"Akuti Lolemba."

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, za m'maofesi sindizidziwa. Ndinkangosita. Chimene chinkandidabwitsa pochapa ndi dothi lofiira kumsana kwa malaya, lija la chiswe. Ofesi yanji yokhala ndi chiswe?

Chaka chachiwiri, mitambo itayamba kusonkhana, Lolemba lina ndinabereka mwana kumsana n'kuwatsatira chapatali. Esiteti ndinaipeza ili zii, dzuwa lili phwee. Zigafa zoyanikamo fodya zinali zitagwa, nyumba za matenanti zopanda madenga, eni ake anabwerera kwawo kalekale. Ngakhale nkhuku panalibe. Ofesi inalibe chitseko. Pakhonde pake panali benchi, ndipo pabenchipo panakhala amuna angapo, onse malaya oyera osita bwino, nsapato zopukuta, manja pamaondo. Palibe ankalankhula. Onse maso anali pakhomo lopanda chitsekolo, pomwe mavu ankalowa ndi kutuluka. Bambo a mwana atafika, enawo anasendera osawayang'ana n'komwe, iwo n'kukhala kumapeto, msana kutsamira khoma lomwe chiswe chinamangapo.

Mwana kumsanaku, amene amalira ngakhale ntchentche yam'tera, anangoti chete.

Ndinayandikira n'kugwada. "Bambo a mwana, mukudikira ndani pano?"

Anayankha monong'ona, osatembenuka. "Mayi a mwana, musatisokonezere mzere. Tsiku lomwe adzatsegule, adzayamba ndi amene alipo."

Amene anakhala koyambirira kwa benchi, imvi zitayamba kutuluka m'mbali mwa makutu, anati, "Alamu, musadandaule. Amuna anuwa ndi a dzulodzuloli." Palibe anaseka. Ndinabwerera osacheuka.

M'mawa mwake ndinayamba mizere ndekha, mwana nditam'goneka pamthunzi. Amalume podutsa anaima. "Kodi mkamwini uja ndiwe? Mvula ikagwa ndisanamuone ndi khasu, wamva kale." Ine ndinapitiriza kulima. Lolemba lotsatira ndinasitanso malaya, poti kuwakaniza ndinkaopa kuti angapite osabweranso.

Mvula isanagwe, esiteti inagulidwa ndi anthu ena olima soya. Lolemba la sabata imeneyo bambo a mwana anabwera masana, dzuwa lili pamutu. Anati galimoto yafika kuchokera ku Lilongwe itadzaza achinyamata omaliza koleji chaka chomwecho. Ogula esitetiwo anauza a pabenchi kuti maphunziro awo anagona, akufuna atsopano. Bambo a mwana anakamba izi ngati akunena za maliro a kumudzi kwina.

Kutacha anatenga khasu, atavala malaya oyera omwewo. Pofika madzulo manja anali magazi okhaokha. Amalume anaima kumalire, kuyang'ana nthawi yaitali, n'kumapita. Munda tili nawo mpaka lero.

Koma Lolemba salima bwino. Amakhapa pang'ono n'kuima, nkhope kuloza kuesiteti. Ine njira ya kuchigayo imandidutsitsa komweko. Benchi ija anaitulutsira kunja kwa geti, pansi pa mtengo wa mango, ndipo eni ake akadalipo, malaya ali mbee. Akhala mothinana, koma kumapeto amasiyako malo a munthu mmodzi. Simbi ndinaibwereketsa kwa achemwali ku Kachebere, ndipo sindinaiitanitse.