Woyera Amayi Ankaukana

Kapepala ka mitundu ya penti kaja ndikadali nako. Amalume anakatenga m'sitolo ya mmwenye pa Balaka, chaka chimene bambo anatengedwa. Pakabokosi kamodzi pakuonekabe pamene chala cha amayi chinkagunda, podetsedwa ndi mafuta.

Bambo anali kalaliki. Anawatenga masana dzuwa likuswa mtengo, galimoto ikulira panja, ndipo palibe anatiuza mlandu wawo. M'mawa mwake amalume anatsitsa chithunzi cha bambo pabalaza nakachibisa kudenga, chifukwa masiku amenewo chithunzi cha munthu wotengedwa chinkatha kutengetsa banja lonse. Koma khoma linatiulula. Utsi wa koloboyi unali utadetsa ponseponse kupatula pamene panali chithunzicho. Panatsala malo owala a ngodya zinayi, msomali uli pamwamba, ndipo aliyense wolowa maso ake ankathamangira pomwepo. Aphunzitsi atabwera kudzafunsa chifukwa chimene ndinkajombera, anayang'ana khomalo, nakhosomola, natuluka osamwa madzi amene ndinawapatsa. Mpaka lero zimandiwawa, ngakhale ndikudziwa kuti nawonso anali ndi ana.

"Tipake, achemwali, anyamata ogulitsa makadi a chipani aja asanabwerenso," anatero amalume.

Kusankha mtundu kunatitengera sabata yathunthu. Wofiira, wobiriwira ndi wakuda inali ya mbendera, yosaseweretsa pakhoma la nyumba ngati yathu. Wabuluu anthu akanafunsa kuti tikukondwerera chiyani. Ine ndinkafuna wapinki, mpaka ndinaulirira, chitsiru ine. Amalume ankati tingopaka laimu, woyera mbee, nkhani ithe.

"Iyayi, achimwene," amayi anakana. "Woyera ndi wa nsanda. Amuna anga sanafe."

Ife Asilamu maliro timawakulunga m'nsalu yoyera.

Amayi anasankha woyererako, wonga mkaka wodonthezera tiyi, mtundu umene munthu amatuluka m'nyumba osaukumbukira. Unali Okutobala. Fungo la penti linkatipweteka mutu, ntchentche zikumatirira pakhoma. Tinapaka katatu kuti malo aja asowe, koma msomali amayi anausiya. Ogulitsa makadi anabwera, anayang'ana uku ndi uku, napita.

Mvula itayamba kunabwera munthu wina wochokera ku Ulongwe, wowonda, wometedwa mpala, wopanda mano akutsogolo. Anakhala ndi amayi ndi amalume kuseri kwa nyumba, akuyankhula Chiyao motsitsa mawu. Ine anandituma kuchitsime ngakhale mitsuko inali yodzadza. Pobwera ndinapeza mlendo atapita, amayi atafumbata chisoti cha bambo chopitira kumzikiti. Panalibe wolira. Munthu wofera m'ndende sankaliridwa, analibe manda, analibe sadaka, ndipo misozi nayo inali mlandu.

Kutacha amayi ananyika laimu m'ndowa. Anazula msomali uja ndi dzanja lawo, nayamba kupaka pamwamba pa penti wathu watsopano, kuyambira pakhomo mpaka kuchipinda, osapuma, osadya. Amalume anangokhala pakhonde atazolika.

Laimu atauma nyumba inawala mbee ngati chipatala. Ndinadumphadumpha pabalaza ndikuomba m'manja, pakuti kwathu kunali kusanakongolepo chotero. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinawagwira chitenje amayi n'kuwapempha kuti asasinthenso, bambo akadzabwera adzaone.

"Usatsamire khoma," anatero. "Udzipaka."