Mbale Yoyera ya a Nambewe

Ndikukumbukira chaka chimene amayi a m'mudzi mwathu anagamula kuti ndakula, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi zokha, pachifuwa pali see ngati pa mnyamata. Inali nthawi ya Chitaganya, boma lathu likutchedwabe Kota Kota, ndipo ife tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi Liwaladzi. Bambo anali ku Joni chaka chachiwiri, choncho zonse za ine zinali m'manja mwa atsibweni, mlongo wawo wa amayi, amene anali mwini mbumba.

Mpunga ukayamba kucha, ntchito ya ife ana inali kuingitsa mbalame kudambo. Tikaweruka kusukulu ya mishoni tinkaponya masileti pakhonde n'kuthamangira kumeneko. Tinkaima m'madzi ofika m'mawondo, kugogoda zitini ndi kukuwa mpaka mawu kusasa, ngakhale kunena zoona mpheta zinkachoka zitakhuta, osati chifukwa cha ife. Dzuwa likatentha tinkangodzigwetsa m'madzimo, kusambira ndi kutola nkhono. Sukulu ndinkaikonda koopsa. Ndinali nditangodziwa kumene kuwerenga, moti ndinkawerenga chilichonse, ngakhale malembo a pathumba la mchere.

Koma panali nkhani ina imene ndinkaidziwa, ngakhale sindinkaiganizira. A Layisoni, bambo wina wobwera kumene kuchokera ku Halale amene anali ndi khoka lakelake, anali atanditomera. Anasiya bulangete ndi nsalu kwa atsibweni ngati chikole, ndipo pangano linali lakuti mwanayu akadzakula, sukulu yathera pomwepo, alowe m'banja. Ine ndinkaona ngati kukula kuli kutali kwambiri.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza timadontho ta magazi pansalu yanga. Panali patapita milungu ingapo ndikumva kutentha pokodza, koma sindinauze munthu. Malinga ndi mwambo, mtsikana akaona zotero sauza amayi ake, choncho ndinapita kwa amayi aang'ono, mutu uli pansi. Iwo sanandifunse kanthu. Anangoyang'ana nsaluyo n'kuimba nthungululu, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditatsekeredwa m'kanyumba ka kuseri, kamene pa nthawi ngati imeneyo kamatchedwa tsimba. Mmenemo namwali amakhala yekha, kudya ndiwo zopanda mchere, mpaka magazi ataleka. Akaleka, namkungwi amabwera kudzamulanga ndi kumumeta, ng'oma n'kulira. Namkungwi wathu, a Nambewe, anali atapita kumaliro a mlongo wawo ku Benga, koma amayi aang'ono anati palibe vuto, akamafika adzapeza zonse zatha.

Atsikana ena ankatuluka patapita masiku anayi kapena asanu. Koma ine magazi anga sanaleke. Sanali ambiri, timadontho chabe, lero pang'ono, mawa pang'ono, koma osatha. M'mawa uliwonse ndinkamva chitsulo cha kusukulu chikulira, ndipo chikangoleka, kunkayamba nkhwangwa. Anali a Layisoni, akudula mitengo yomangira nyumba yathu kuseri kwa nkhokwe ya atsibweni. Ndinkalira mwakachetechete, chifukwa anali atandiuza kuti namwali wolira amachititsa manyazi mtundu.

Litafika tsiku lachisanu ndi chiwiri, manong'onong'o anayamba. Anthu ankati mwanayu wadulidwa. Kwathu ankakhulupirira kuti mwana akakhala m'tsimba makolo ake ayenera kudzisunga, ndipo wina akapanda kutero mwanayo amadwala. Tsono popeza bambo anali ku Joni, chala chinaloza amayi. Ndinawamva akulira okha kuseri kwa tsimba pamene ankapeta mpunga, ndipo panalibe chimene ndikanachita.

A Nambewe anafika tsiku lakhumi masana, fumbi la ku Benga lidakali kumapazi. Sanali nkhalamba ayi. Anali mayi wamfupi, wamapewa ngati mwamuna, wa mawu osasa chifukwa cha fodya wa m'mphuno, ndipo ana tonse tinkathawa tikawaona, pakuti lilime lawo silinkasankha. Iwo ndiwo analinso mzamba, moti theka la mudzi linabadwira m'manja mwawo. Analowa m'tsimba, kamtolo kawo kadakali pamutu, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Namwali wake ndi ameneyu?" anafunsa. "Tatulukani nonse."

Amayi aang'ono ndi anzawo atatuluka, a Nambewe anakhala pamphasa n'kuyamba kundifunsa, chinthu chimene munthu aliyense anali asanachite masiku khumi onsewo. Magaziwa amabwera nthawi yanji? Pokodza pamawawa? Kuwawako kunayamba liti? Alipo munthu anandigwirapo kapena kundipweteka? Funso lomalizali analifunsa kawiri, akundiyang'ana m'maso, ndipo nditati ayi anapumira m'mwamba. Kenaka anamasula kamtolo kaja n'kutulutsa mbale yawo yodyera paulendo, mbale yachitsulo yoyera mbee, yogula kwa Mmwenye kuboma.

"Kodza umu."

"M'mbale, amayi?"

"Mbale ndi yanga. Iwe kodza."

Ndinatero, manyazi atandigwira mpaka m'makutu. Mkodzo unayamba bwinobwino, koma kumapeto kwake kunagwa timadontho tofiira, tooneka bwino pa kuyera kwa mbaleyo. A Nambewe anapendeketsa mbale ija pakuwala kwa pakhomo, anagwedeza mutu, kenaka anachita chinthu chimene chinakambidwa m'mudzi zaka zambiri. Anatuluka nayo mbaleyo masanasana, n'kulunjika pansi pa mtengo wa mango pamene atsibweni ankasoka ukonde ndi amuna anzawo. Ine ndinasuzumira pa kaboo ka m'chipupa.

"Aa! A Nambewe, zachikazi mukubwera nazo pano?" anatero atsibweni, akutembenuzira nkhope kumbali.

"Si zachikazi izi, tayang'anani. Anyamata anu onse a kudambo amakodza zomwezi, inu n'kumangoti ndi likodzo, lidzatha lokha. Lero wakodza mtsikana, mwati wakula?"

Amayi aang'ono analowererapo, kunena kuti magaziwo ankaoneka pansalu ngakhale mwana asanakodze.

"Ndaona zimenezo," anayankha a Nambewe. "Koma mwezi uli ndi poyambira ndi polekezera. Awa alibe. Mwanayu akudwala, ndipo sanadulidwe ndi munthu, musiyeni mayi wake. Ine sindimumeta, ng'oma yanga silira, ndipo nkhuku munandilipira ija katengeni, ili pakhomo panga."

Atsibweni anakwiya. Anati mawu anaperekedwa kale kwa a Layisoni, munthu wadula mitengo, ndipo ngati a Nambewe akukana, aitana namkungwi wina wa kutsidya kwa mtsinje.

"Kaitaneni," anatero. "Akafika adzameta mphasa."

M'mawa mwake tinanyamuka, iwo patsogolo ine pambuyo. Amayi anandipatsa chinangwa chootcha m'kansalu, ndipo anagwira a Nambewe dzanja nthawi yaitali. Tinaoloka Bua pa bwato, n'kuyenda mtunda wautali. Panjira ndipo ndinadziwa kuti mayi woopsa uja ankadziwanso kucheza. Ankayankhula ngati akudziyankhulira yekha, fodya ali pachala.

"Anthu akaona magazi kwa mkazi amangodziwa dzina limodzi, akuti ali kumwezi. Ine ndaona ambiri, mwanawe. Ena ndi a mimba imene ikufuna kupita padera, mwiniwake asanadziwe n'komwe kuti ndi woyembekezera. Ena amabwera mayi atachira, zotsalira zitakanirira m'kati, ndipo amenewo sadikira kuti kuche. Ena ndi matenda amene mwamuna wabwera nawo kuulendo. Amayi anga anaona awo atasiya kale kusamba, anzawo n'kumawaseka kuti abwerera ku utsikana. Chaka chisanathe tinawaika. Ndiye magazi akabwera nthawi imene si yake, usawapatse dzina msanga. Yamba wawafunsa kumene achokera."

Kuboma tinafikira kwa mnzawo wina wa Chisilamu, a Binti Selemani, amene ankakazinga zitumbuwa pafupi ndi mzikiti. Kuchipatala a Nambewe anaima pamzere ngati wina aliyense, koma itafika nthawi yathu anafotokoza okha mwatsatanetsatane, masiku ake ndi maonekedwe ake, mpaka mthandizi wa dokotala anasiya kulemba n'kuwayang'ana. Anatenga mkodzo wanga, nauika pa kagalasi pansi pa makina okulitsa zinthu, ndipo ataona chidwi changa anandilola kusuzumira. Ndinaona timazira tosongoka, kalikonse kali ndi kaminga kunsonga. Anati nyongolotsi zake zimachokera m'nkhono za m'madzi odikha, zimalowa pakhungu, ndipo mazira ake amatema timabala m'chikhodzodzo. Namwino atandiyeza anauza a Nambewe kuti kwa atsikana timabala timeneti timatulukanso m'njira yoberekera, n'chifukwa chake nsalu inkathimbirira ngakhale ndisanakodze.

"Eya," anatero a Nambewe. "Chimene sindinkadziwa n'chimenecho. Tanenaninso, ndimve bwino."

Namwino uja anali mtsikana woti akanakhala mwana wawo, koma iwo anamvetsera ngati mwana wa sukulu.

Mankhwala a masiku amenewo anali ankhanza. Inali jakisoni ya mumtsempha, yobwerezabwereza kwa milungu ingapo, ndipo ukangobayidwa unkatsokomola ndi kusanza mpaka kuona nyenyezi. A Nambewe anakhala nane nthawi yonseyo, mpunga wawo ukudyedwa ndi mbalame kumudzi. Ndikalira ankandinyoza kuti ndine wamantha ngati nkhuku, koma ndikalephera kuyenda ankandibereka kumbuyo, msinkhu wanga wonsewo, kudutsa pamsika anthu akuona.

Pobwerera anatipatsa kalata yolembedwa m'Chinyanja. A Nambewe sankadziwa kuwerenga, atsibweni chimodzimodzi. Choncho pansi pa mango paja, pamaso pa amuna, amayi ndi a Layisoni omwe, a Nambewe anandipatsa kalatayo m'manja.

"Werenga wekha, mokweza."

Ndinawerenga kuti mwana uyu anali ndi likodzo, wachira, sanathe msinkhu, ndipo asamalowenso m'madzi a kudambo. Atsibweni anangoyang'ana ukonde wawo. A Layisoni anadikira miyezi iwiri, kenaka anatumiza munthu kudzatenga bulangete lawo, ndipo anakwatira kwina. Mitengo ija atsibweni anamangira khola la mbuzi. Lolemba lotsatira chitsulo cha kusukulu chitalira, ndinali ndili kale pakhomo la kalasi, sileti lili m'khwapa. Mbale ija a Nambewe sanadyeremonso. Kuyambira pamenepo mtsikana aliyense wa m'mudzi mwathu asanalowe m'tsimba ankayamba wakumana nayo.

Kukula kwanga kwenikweni kunabwera patapita zaka zinayi. Pamenepo n'kuti bambo atabwerako ku Joni, ndipo malo anga kusukulu yogonera anali atapezeka. Ndinalowa m'tsimba lomwe lija, ndipo tsiku lachisanu a Nambewe anabwera ndi lumo. Akundimeta, ine nditawerama pakati pa mawondo awo, ndinalimba mtima n'kufunsa chimene chinawachititsa kukangana ndi mudzi wonse chifukwa cha mwana amene sanali wawo.

Lumo linaima pamutu panga.

"Ndinametapo wina ngati iwe, ndisanadziwe," anatero. "Dzina lake Maliya. Ng'oma ndinaimba ndine, ndipo ndinavina kuposa onse. Patapita zaka ziwiri anandiitana kuti ndikamuthandize kubereka. Chiuno chinali chidakali cha mwana. Ndinakhala naye masiku atatu. Atamwalira ndinamusambitsa ndi manja omwewa, iye ndi khanda lake m'mimba."

Anafwenkha fodya, napukuta mphuno, n'kundikankhira mutu pansi. "Werama bwino, ndingakuteme."

Ndaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo tsopano ndine nkhalamba kuposa mmene a Nambewe anafikira. Nditasiya kusamba, patapita zaka, m'mawa wina ndinaonanso timadontho pansalu. Anzanga a kumpingo anaseka ndithu kuti ndabwerera ku utsikana. Ine sindinaseke nawo. Ndinakwera basi tsiku lomwelo, ndipo kuchipatala anapeza chotupa pakhomo la chiberekero chidakali chaching'ono, nachichotsa. Mayi amene sankadziwa kulemba dzina lake anandipulumutsa kachiwiri, ali kale m'manda.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti a Nambewe anali olimba mtima chifukwa ankadziwa zonse. Tsopano ndikudziwa kuti sizinali choncho. Analakwitsapo kamodzi, ndipo sanabise cholakwacho kuseri kwa mwambo, kapena kunena kuti chinali chifuniro cha Mulungu. Anachisenza, nalumbira kuti asanaimbenso ng'oma adzayamba wafunsa. Zaka zinayi za ubwana wanga, sukulu yanga, ana anga amene ndinabereka thupi litakhwima, zonsezo zinadzera mwa mtsikana amene sindinamuonepo, amene kwa iye kunalibe mbale yoyera. Mwana wanga woyamba ndinamutcha Maliya.