Phala la Tiagalu ndi Apongozi Anga

Izi mkazi wanga sazidziwa. Tiana ta galu wathu titayamba kuluma mabele a make, ndinatiphikila phala lamadzimadzi, n'kusinjilamo kapenta, n'kuliika pakhonde kuti lizizile.

Potuluka m'nyumba ndinapeza apongozi anga afika wapansi kuchokela ku Kalindawalo, mbale ya phalalo ili kale pamiyendo pawo.

"Mwandiikila ine, bambo?" anafunsa.

Mkamwini angawalande mbale apongozi? Ndinagwada chapatali, maso pansi. "Inde, amai."

Anadya lonse, tiagalu tikulila kumapazi kwawo. "Agalu anu alibe mwambo," anatelo, akupukuta pakamwa.

Mbaleyo tiagalu tinadyelamo m'mawa, ndipo ndinali ndisanaitsuke. Mpaka lelo akabwela amauza mwana wawo kuti phala lake silifika pa langa.