Madzi Otuwa a M'chitsime cha Amayi a Dalitso

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene amayi anayamba kumanga nyumba yathu kuseri kwa Nsungwi. Tinkachita lendi ku Kawale, m'zipinda ziwiri zodontha, ndipo thumba lililonse la simenti linachokera pabenchi yawo yogulitsira kaunjika. Ine ndinali mwana wamanyazi. Kusukulu ankanditcha Kachetechete, chifukwa mawu anga ambiri ankathera m'kakope kamene ndinkalembamo zochitika za tsiku.

Papuloti panalibe mpopi. Amayi anagula migolo iwiri, kenako anakagwirizana ndi oyandikana nawo, Amayi a Dalitso, ochokera ku Thyolo, amene anali ndi chitsime pabwalo pawo. Anatilola kuti tizitunga mpaka mpopi wathu udzabwere. Lamulo linali limodzi lokha: m'chitsime muzilowa ndowa ya pachitsimepo basi, yomwe inali yomangirira kale kuchingwe.

Silabu, simenti ya pansi pa nyumbayo, inathiridwa Lachisanu lina m'mwezi wa Okutobala. Madzulo omwewo kunabwera uthenga wa maliro a malume ku Dedza. Amayi akulongedza zitenje anandiitana.

"Tadala, mawa upite kupuloti. Simenti yatsopano imafuna kumwa madzi m'mawa ndi madzulo. Ikangouma ndi dzuwa ili ing'aluka, ndipo ine mphamvu yoyambiranso ndilibe."

Nditatsika minibasi m'mawa mwake, ndinapeza migolo yonse ili gwaa. A Mbewe, mmisiri wathu, anali atakhala pamthunzi wa mulu wa njerwa akudzikupiza ndi chipewa.

"Mwana wa bwana wafika," anatero. "Koma madzi kulibe, mwanawe. Amayi aja atseka chitsime, aikapo loko wamkulu ngati wa pagolosale."

Anandifotokozera kuti dzulo lake, ntchito itafika pothina, anyamata awo anaona kuti ndowa imodzi ikuchedwetsa. Anamangirira ndowa yosakanizira simenti kuchingwe china n'kumaiponya m'chitsime. Pofika madzulo madzi onse anali atatuwa.

"Bwanji osakapepesa?" ndinafunsa, maso ali pansi.

"Ndapitako kale. Andilandira ndi tsache. Kukiyosiki yogulitsa madzi nako mipopi yauma kuyambira dzana. Tingodikira mayi ako."

Ndinagwira silabu ija ndi chikhatho. Inali itayamba kale kutentha ngati chiwaya, ndipo pakona ina panali kamzere kopyapyala ngati tsitsi. Amayi sakanabwera maliro asanaikidwe. Ndinakumbukira mmene ankabwerera kumsika mapazi atatupa, n'kukhala pakhomo akusisita akakolo. Sindinafune kuti adzaone kamzere kaja katakula.

Ndinaima nthawi yaitali pampanda waudzu wa Amayi a Dalitso. Odi woyamba anathera pakhosi. Wachiwiri anamveka ndi nkhuku zokha. Wachitatu ndinatseka maso n'kufuula, mpaka ndinadzidzimuka ndi mawu anga omwe.

Anatuluka manja ali m'chiuno. "Atumiza iwe tsopano? Amuna aja achita mantha?"

Ndinagwada. Ndinali nditakonza mawu onena za silabu, za maliro, za amayi, koma sanandipatse mpata. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapu ya madzi otuwa ngati phulusa.

"Imwa. Ukuopa eti? Nanga ana anga amwe chiyani? Ndaphikira tiyi lero, ngakhale galu wanunkhiza n'kuchoka."

"Pepani, Amayi. Tinalakwa."

"Pepani satsuka chitsime, mwanawe. Chimenechi chikufunika kukapa mpaka pansi. Bambo a Dalitso ali kuntchito ku Kasungu, msana wanga ndi uwu. Ndipo madzi onsewo ndikawataya kuti? Pabwalo pano pasanduke dambo?"

Ndinayang'ana kapu ija, kenako ndinayang'ana kupyola mpanda, kumene silabu yathu inkapsa ndi dzuwa.

"Musawataye, Amayi. Tipatseni ife. Simenti siikana madzi otuwa. Tikapa mpaka atuluke oyera. Amisiri asalowe, aime kunja kwa mpanda. Chingwe ndigwira ine."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaseka. "Ndi timanja iti? Tangati mapesi iti?" Koma akuseka choncho, zala zawo zinali zikumasula mfundo ya pakona ya chitenje, pamene panali kiyi.

Chitsimecho chinali chakuya kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinkakoka ndowa, kukhuthulira m'chigubu, kupatsira a Mbewe pamwamba pa mpanda. Iwo ndi anyamata awo ankathamangira kusilabu, kuithira madzi n'kuifunditsa ziguduli zonyowa. Fungo la simenti yonyowa linafika mpaka kuchitsime. Dzuwa lisanafike pamutu, zikhatho zanga zinali zitachita matuza. Amayi a Dalitso anaona magazi pachingwe. Anang'amba kansalu, anandikulunga manja, ndipo anaima kumbuyo kwanga tizikokera limodzi.

"Amayi, ndilowe ndithandize?" anafuula a Mbewe.

"Phazi lanu likangodutsa mpandawu, loko abwerera pamalo pake!"

"Chabwino, ine ndi mkamwini wa kunja," anatero, ndipo ngakhale Amayi a Dalitso analephera kubisa kuseka.

Chakumadzulo ndowa inayamba kubwera ndi matope okhaokha. Migolo yathu yonse inali itadzaza. Tinavundikira chitsime kuti madzi atsopano akwere. M'mawa mwake ndinalawirira. Amayi a Dalitso anatunga okha, anayang'ana m'kapu padzuwa, anamwa, kenako anandipatsa. Madzi anali ozizira, okoma ngati kale.

"Mgolo umodzi uzikhala pampanda pano," anatero. "Koma wotunga akhale iwe kapena mayi ako." Zinakhala choncho mpaka mpopi wathu unabwera.

Amayi atabwerako kumaliro, anavula nsapato n'kuyenda pasilabu yonse ndi mapazi, pang'onopang'ono, akuwerama apa ndi apo. Anapeza kamzere kaja pakona, sikanakule. Kenako anaona nsalu za m'manja mwanga. Anangogwira manjawo n'kuwasunga nthawi yaitali.

Manyazi sanandithere, mpaka lero ndimayamba ndameza malovu ndisanagogode pakhomo la munthu. Koma tsopano ndimadziwa chimene chinatsegula loko uja. Ndinapita ndi vuto langa lokonzakonza pakamwa, ndipo ndikanalinena, mwina tsache likanandipeza nanenso. Kusapatsidwa mpata woyankhula kunandichititsa kumva vuto lawo, ndipo njira ya madzi athu inali momwemo. Kamzere kaja kakadalipo, kuseri kwa kabati m'chipinda chochezera. Ndikapita kwa amayi kukakolopa, ndimasuntha kabatiyo n'kuthirapo madzi pang'ono.