Denga lobisa mvula

Bambo anga anagwira ntchito ya zankhalango pa Phiri la Zomba kuyambira ali mnyamata, kudzala ndi kudulira mitengo ya paini. Atapuma, iwo ndi mayi anatsikira ku Chikanda, m'nyumba ya zipinda ziwiri ya malata opanda siling'i. Kumeneko ndi komwe sitiroko inawagwera. Anadzuka ndithu, koma mwendo wakumanzere unkakoka, dzanja la mbali yomweyo linafooka, ndipo mawu anangotsala onong'ona.

Nyumba ija inayamba kuwazunza. Mu Okutobala malata ankatentha moti masana tinkawakhazika panja, pansi pa mtengo wa mapeyala, thaulo lonyowa lili m'khosi. Mu Juni, m'mamawa, malata omwewo ankadontheza madzi ozizira pabulangete. Mvula ikagwa, phokoso linkameza mawu awo onse. Ndinkangoona milomo ikugwedera, kenako ankatukula dzanja kusonyeza kuti basi, zisiye.

Nthawi imeneyo ine ndi amuna anga tinkamanga ku Mtiya. Ine ndinkaphunzitsa kupulayimale, iwo ankagwira ntchito yokonza nyumba kukoleji. Tinamanga yaikulu dala, kuti makolo adzakhale nafe limodzi ndi ana athu anayi. Titafika pofolera, amuna anga anapita ku Chikanda atatenga kachidutswa ka lata lachilendo: lata pamwamba, lata pansi, pakati chinthu choyera cholimba chonga siponji, chochindikala zala zitatu.

"Ichi chimatchinga kutentha," anafotokoza. "Kunja kukatentha, m'nyumba mumazizira. Kukazizira, mumafunda. Fani sitidzamufuna."

Bambo anachitembenuza ndi dzanja labwinolo, n'kuchigogoda, n'kuchinunkhiza monga ankachitira ndi thabwa. Mayi anangochiyang'ana cham'mbali.

"Apongozi, mwayamba kufolera matilesi? Makoswe adzakuthokozani."

Tinalowa m'nyumba yatsopanoyo mu Seputembala. Okutobala anabwera ndi dzuwa lake, ndipo bambo ankagona masana kuchipinda kwawo, thaulo lili pachingwe. Mayi sanayamikire. Ndinangowapeza tsiku lina ataima pakhomo, phazi lina kunja, lina m'kati, akupukusa mutu.

Mvula yoyamba inagwa Loweruka masana. Mayi anali atayanika ufa pamphasa kuseri kwa nyumba, n'kulowa kukagona pang'ono. Ine ndinali kuchipinda kwa bambo, kuwawenga zikhadabo. Mwadzidzidzi anayamba kundisimbira nkhani yomwe sindinaimvepo: kuti ndili ndi zaka zitatu ndinadwala malungo tili kuphiri, galimoto panalibe, ndiye ananditsitsa pamsana kudzera njira yachidule ya anthu otola nkhuni, atandifunditsa jekete lawo lantchito. Anaterereka kawiri, nsapato imodzi inapita kuphompho, ndipo kuchipatala anafika phazi limodzi lili pansi.

Ankayankhula pang'onopang'ono, akupumira pakati pa mawu. Nditakweza maso, ndinaona madzi akuyenderera pagalasi la zenera. Kunja kunali chimvula choti phiri silinkaoneka, koma m'chipindamo munkangomveka kaphokoso kapansipansi.

"Bambo, mvulatu ikugwa."

Anatembenukira kuzenera. Kenako anandiyang'ana.

"Ndiye ukundimva?"

"Ndikukumvani."

"Zonse?"

"Zonse. Munafika kuchipatala ndi nsapato imodzi."

Anagwira dzanja langa lomwe linali ndi lezala, n'kulifinya. Anapitiriza nkhani ija, za namwino amene anawakalipira chifukwa cha matope, ine ndikuwenga chikhadabo chomwe ndinali nditachiwenga kale, poopa kuti angaone misozi.

Tinadzidzimuka ndi mfuwu kuseri.

"Mayo ine, ufa wanga!"

Ndinathamangira kunja. Ufa wonse unali utasanduka phala, ukuyenderera mungalande. Mayi analowa m'nyumba atanyowa chitenje chonse, manja ali mbuu, n'kulunjika kuchipinda kwa bambo, komwe amuna anga anali atangofika kumene.

"Apongozi, nyumba yanji yobisa mvula? Moyo wanga wonse denga limandiuza kuti thamanga, kaanule. Ilili langokhala duu, ngati silikuona!"

Amuna anga anazyolika. Apo ndi pomwe bambo anaseka. Chidwalireni anali asanasekepo. Kunali kuseka kokhota, kwa mbali imodzi ya pakamwa, kosakanikirana ndi chifuwa, mapewa akugwedezeka. Mayi anawayang'anitsitsa, mkwiyo ukadali pankhope.

"Inu mukuseka chani? Mudya chani mawa?"

Koma mawu awo anali atafewa. Anakhala pabedi, n'kuwapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje chonyowacho, n'kuwapaka ufa patsaya osadziwa. Tonse tinaseka.

Sabata yotsatira amuna anga anagula malata wamba anayi, n'kumanga khonde pansi pa zenera la chipinda cha makolo. Mayi anayang'anira ntchitoyo kuyambira msomali woyamba. Ntchito itatha, mayi anatola kamwala n'kukaponya pamwamba. Kanalira ngwee!

"Apa ndiye mwafolera, apongozi."

Bambo anakhala nafe madzinja awiri ena. Mvula ikamagwa masana, mayi ankatuluka kukakhala pakhonde lawo, akusankha nyemba m'phokosomo, pomwe ine ndi ana tinkaunjikana kuchipinda kumvera agogo awo. Mayi ankati nkhani zimenezo anazimva kale zonse. Komabe nthawi ndi nthawi ankasuzumira pazenera n'kukuwa kuti, "Akunama amenewo, sizinali choncho!"