Jezi Yomwe Ndinaumitsa pa Mbaula

Ntchito yanga yoyamba yolandira pamwezi ndinaipeza pa mjigo. Ndinali ndi zaka makumi awiri, mwana wanga Tadala ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Kwathu ndi ku Nathenje, ku Mitundu ndinapita ndi ukwati. Bambo a Tadala anapita ku Joni mwana asanayambe kukwawa. Miyezi iwiri yoyamba ankaimba foni, kenako nambala yawo inasiya kupezeka. Ndinatsala m'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika, ndili ndi mphasa, mbaula ndi mabeseni awiri. Kubwerera kwathu ndinkaopa. Mayi anga anakwatiwanso, ndipo m'nyumba mwawo munali kale anthu asanu ndi atatu.

Tsiku lina ndikuchapa matewera, bambo wina wamfupi wadazi anaima pambali panga akuyang'ana mmene ndinkafinyira. Ine ndinangowerama. Kenako anandifunsa ngati ndimadziwa manambala. Ndinati sukulu ndinalekezera sitandade 5 koma manambala ndimawadziwa. Anati nzokwanira. Anali a Kachingwe, osunga zovala za timu ya mpira imene chaka chimenecho inali itangolowa mu ligi yaikulu. Timuyo inalibe ndalama za lendi ya m'tauni, choncho inapeza nyumba ku Mitundu yogonamo osewera ochokera kutali. Masewera ankakasewera ku Lilongwe. Amene ankachapa poyamba anali atasiya, ndipo sindinafunse chifukwa chake. A Kachingwe anati ndizilandira K45,000 pamwezi.

Jezi sachapa ngati chitenje. Chikwama chikafika ndinkakhuthulira pa thumba loyala pansi n'kuwerenga: majezi khumi ndi asanu ndi atatu, makabudula chimodzimodzi, masokosi awiriawiri. Jezi iliyonse ndinkaitembenuza kuti nambala ikhale mkati. Beseni loyamba linali lonyikamo ndi sopo waufa m'madzi ozizira, lachiwiri lotikitiramo ndi manja, lachitatu, limene timu inandigulira, lotsukuluziramo. Bulashi inali ya masokosi okha, chifukwa dothi lofiira likalowa m'sokosi silichoka ndi manja. Jezi saipotokola pofinya, amangoikanikiza. Poyanika ndinkamanga chingwe pamthunzi wa mango, n'kupanira mapegi m'munsi mwa jezi kuti khosi lisatambasuke. Zikauma ndinkapinda motsatira manambala, ya goloboyi pamwamba.

"Nambalayi anaimata ndi moto, ndipo moto womwewo ndi umene umaichotsa," anatero a Kachingwe tsiku loyamba. "Simbi isayandikire."

Ndinamva kuti simbi, ndipo ndinasunga mawu a simbiwo.

Osewera sindinkalankhula nawo. Ndikamapita kukasiya chikwama ndinkadutsa kuseri kwa nyumba yawo, n'kuchiika pakhonde, n'kubwerera asanandione. Nkhope zawo sindinkazidziwa, ndinkawadziwa ndi manambala. Nambala 4 ankang'amba sokosi lakumanzere sabata iliyonse. Goloboyi ankagwera kwambiri mbali yakumanja. Nambala 9 ankanunkhira mankhwala opaka m'miyendo, ndipo khosi la jezi yake linkakhala lokokedwa, kusonyeza kuti anzake amamugwira akamathamanga. Nambala 17 jezi yake inkabwera yoyera nthawi zonse. Fumbi linkangokhala pa kabudula, pokhalira. Ndinadziwa kuti ameneyu sasewera, amangokhala pabenchi. Ndinkaichapabe mofanana ndi zinazo.

Loweruka masana ndinkakhala pakhomo ndi Tadala, n'kutsegula wailesi ya pafoni. Aulutsi akatchula nambala imene ndinapinda ndi manja anga, ndinkamuuza mwanayo kuti wamva, ndi wathu uja. Panalibenso wina womuuza. Azimayi a pa lendi ankati ndine wonyada chifukwa sindinkacheza, pomwe ine mawu ankangondithawa ndikafika pagulu. Mpira weniweni, wa mu sitediyamu, ndinali ndisanauonepo. Minibasi kupita ndi kubwera, kuphatikiza tikiti, zinali ndalama za masiku angapo a ntchito.

Miyezi itatu yoyamba ndinalandira bwino. Kenako kampani imene dzina lake linali pachifuwa pa majezi inasiya kuthandiza timu. Dzinalo linatsala pomwepo, ndipo ndinkalichapabe mosamala. A Kachingwe ankandifotokozera zinthu akuwerenga masokosi, osandiyang'ana, ngati akudziuza okha. Ankati anthu akaona chikhamu pageti amaganiza kuti timu yalemera. Koma ndalama ya pageti amayamba atengapo eni sitediyamu, achitetezo, osindikiza matikiti, akuluakulu a ligi, ndipo yotsalayo amagawana ndi timu inayo. Tsiku lina yathu sinakwane ndi mafuta a basi. Osewera anali asanalandire miyezi itatu. Chimene chinkawasunga ndi kandalama ka tsiku la masewera, kamene ankapatsa okhawo amene avala jezi ndi kulembedwa papepala la tsikulo, kaya asewera kaya akhala pabenchi.

Ine anandisungira malipiro a miyezi iwiri. Lendi yanga inali K15,000 pamwezi, ndipo nayo inafika miyezi iwiri. Mayi eni nyumba anandiuza mwaulemu kuti Lolemba likadzadutsa adzaika loko wawo pachitseko.

Chiyembekezo chonse chinali pa Loweruka lomaliza la Novembala. Kunkabwera timu yaikulu ya ku Blantyre, imene imadzaza sitediyamu paliponse pamene yapita. Tikiti anaikweza kuchoka pa K2,000 kufika pa K4,000. Apampando a timu analonjeza kuti aliyense alandira zake madzulo a tsikulo, mpaka wochapa.

Timu inali ndi majezi amitundu iwiri, obiriwira ndi oyera. Koma Lachitatu la sabata imeneyo anakasewera kutali, ndipo eni malo amene anagonako anagwira chikwama cha oyera chifukwa timu sinalipire zipinda. Anatsala obiriwira okha, ndipo anandifikira Lachinayi madzulo ali matope okhaokha. Lachisanu ndinachapa m'mamawa. Ndikungomaliza kupanira mapegi, mvula inayamba, yamvumbi, ndipo sinakate tsiku lonse. Ndinamanga zingwe m'kachipinda kanga mpaka tinasowa podutsa. Loweruka kutacha ndinakhudza majezi aja. Anali onyowabe m'khosi ndi m'khwapa. Basi ya timu inkanyamuka 9 koloko.

Mayi aliyense wa mwana wakhanda amadziwa chochita matewera akakana kuuma nthawi ya dzinja. Umakoleza mbaula, kudikira utsi uthe, n'kumagwira thewera pamwamba pa makala uku ukulitembenuza. Ndinachita zimenezo kambirimbiri, ndipo mayi anga ankatero. Ndinaganiza kuti a Kachingwe analetsa simbi chifukwa imakhudza nsalu, pomwe mbaula imangopereka mpweya wotentha.

Majezi asanu ndi atatu anauma bwinobwino. Ndili pa nambala 9, Tadala anadzuka n'kuyamba kukwawira ku mbaula. Ndinatambasula dzanja limodzi kumukankhira kumbuyo, dzanja linalo linatsika. Sipanayake moto. Ndinangomva fungo ngati la jumbo yopsa. Nditayang'ana, pamsana panali bowo lalikulu ngati chikhato changa, ndipo nambala inali itakhwinyata n'kumatirira m'mbali mwa bowolo. Thewera likapsa limada kaye n'kukuchenjeza. Jezi imangosungunuka.

Ndinaiika pambali. Kenako ndinamaliza zotsalazo, ndikuzigwira patali, n'kupinda zonse. Ya nambala 9 ndinaipinda msana uli mkati n'kuiika pamalo pake, pakati pa 8 ndi 10.

A Kachingwe anabwera okha kudzatenga chikwama cha m'ma 8 koloko. Anawerenga makosi osatambasula, anapeza zonse zilipo.

"Mvula yonseyi zauma? Mayi a Tadala, inu ndi katswiri. Madzulo ndikubweretserani envelopu yanu."

Ndinafuna kuwauza za bowo lija. Ndinkaona telala wa pakhonde la golosale akutsegula makina ake kutsidya kwa msewu. Koma ndinali ndisanauzepo bambo aliyense wamkulu kuti ndalakwitsa ndikumuyang'ana kumaso, ndipo ndinaganiza za envelopu ija. Ndinati zikomo. Ananyamula chikwama n'kupita.

Basi itanyamuka ndinalephera kukhala. M'nyumba ndinali ndi jezi yakale ya nambala 9, ya nthawi imene timu inali mu ligi yaing'ono. A Kachingwe anandipatsa ngati sanza, ndipo ndinkamufunditsa Tadala. Inali yobiriwira, yofwifwa pang'ono. Ndinaichapa, ndinaikulunga m'jumbo ili yonyowa, ndinabereka mwana n'kupita pa siteji. Minibasi inachedwa kudzaza, ndipo pofika m'tauni ndinali nditatsala ndi K1,500.

Anthu ochuluka choncho ndinali ndisanawaonepo. Ndinaima pamzere mpaka ndinafika pageti. Ndinauza wa pagetiyo kuti ndabweretsa jezi ya timu. Sanamve chifukwa cha phokoso, ndipo ndinabwereza. Anayang'ana jumbo yanga, anayang'ana chitenje changa.

"Mayi, aliyense pano ndi wachibale wa timu. K4,000 kapena patukani."

Ndinapatuka. Ndinakakhala pafupi ndi azimayi ogulitsa nthochi kunja kwa mpanda, n'kutsegula wailesi ya pafoni. Aulutsi anati chodabwitsa lero n'chakuti womwetsa zigoli wa timu yathu, amene amavala 9, wavala 17. Anaseka, n'kunena kuti mwina akufuna kusokoneza adani. Mkati anthu ankakuwa, khoma lonse likunjenjemera, ine ndili kunja ndi jezi yonyowa pamiyendo. Masewera anatha chigoli chimodzi kwa chimodzi.

Ndinadikira pafupi ndi basi ya timu mpaka a Kachingwe anatuluka ndi chikwama. Atandiona sanakalipe. Ndinawapatsa jumbo ija, anaitsegula, anayang'ana jezi yakaleyo kwa kanthawi.

"Mukanandiuza m'mawa, telala akanadula msana uwu n'kuusokera pa inayo. Ntchito ya theka la ola. Ine ndaitambasula kutatsala mphindi khumi kuti mapepala apite."

Anandifotokozera kuti panalibe jezi ina yapadera. Kochi anavula wa nambala 17 n'kupatsa wa 9, ndipo wa 17 anamufufuta papepala. Tsiku limene kandalama ka masewera kanali kokulirapo kuposa masiku onse, iye sanalandire. A Kachingwe anandilozera wa 17 uja ndi mutu. Sanali mnyamata ngati mmene ndinkaganizira. Anali bambo wamkulu, wa imvi pang'ono m'mbali mwa mutu, atavala malaya akeake, ataima payekha manja m'thumba. Dzina lawo anali a Yohane, ndipo anali ndi mkazi ndi ana atatu ku Nkhotakota.

Anandilola kukwera basi ya timu pobwerera, pampando wakutsogolo pafupi ndi zikwama. Tili cha ku Bunda wina kumbuyo anati, "Mayi ootcha jezi, mawa mutiotcherekonso chimanga." Basi yonse inaseka. Ndinabisa nkhope pamutu pa Tadala. A Yohane anali pampando wakumbuyo kwanga, ndipo sanaseke. Pafupi kufika ndinatembenuka pang'ono n'kunena kuti pepani. Ndikuganiza kuti amenewo anali mawu anga oyamba kwa wosewera aliyense.

"Zachitika, mayi," anatero. "Kungoti ndinali nditawauza kale kunyumba kuti lero nditumiza."

Ndalama ya pageti, atachotsa zonse, sinakwane zimene apampando analonjeza. Aliyense analandira za mwezi umodzi. Pa K45,000 yanga anadulapo K20,000 ya jezi. Ndinatsala ndi K25,000, pomwe eni nyumba ankafuna K30,000. Lamlungu ndinapita kwa okonza mafoni pamsika n'kugulitsa foni yanga. Inali foni imene ndinkamverapo mpira, ndiponso nambala yokhayo imene bambo a Tadala ankaidziwa. Ndinalipira lendi. Yotsala ndinaikulunga m'pepala n'kupempha a Kachingwe kuti akapatse a Yohane. Mawa lake anabwera nayo, anati akana, akuti mugulire mwana sopo.

Lolemba ndinakhuthula chikwama monga mwa masiku onse. Jezi nambala 17 inabwera ndi matope kwa nthawi yoyamba, khosi lokokedwa, ikununkhira mankhwala opaka m'miyendo. Matopewo sanali a mwini wake. Ndinaisiya kuti ikhale yomaliza, ndipo ndinachedwa nayo m'beseni kuposa zonse.

A Kachingwe sanandichotse ntchito. Anati wochapa wina sangavomere kugwira osalandira. Ndinagwira mpaka ligi inatha mu Disembala. Timu inatsika, nyumba ya osewera inabwezedwa kwa mwini wake, ndipo aliyense anabwerera kwawo. Mwezi umodzi umene anandisungira sindinauonenso. Beseni lachitatu lija anandisiyira.

Panopa ndimachapa pa malo ena ogona alendo kufupi ndi Nathenje. Tadala ali ku sukulu ya mkaka. Manyazi sanandichoke, mpaka pano ndimalankhula ndikuyang'ana pansi. Koma chinsalu cha pabedi chikang'ambika kapena thaulo likathimbirira, sindilipinda. Ndimalinyamula lili lotambasula n'kupita nalo kwa abwana nthawi yomweyo, telala akadali pakhonde. Anzanga amandiseka kuti ndimadzinenera ndekha. Iwo sadziwa kuti tsiku limene ndinakhala chete, ku Nkhotakota kunali ana atatu akudikira foni ya mayi awo kuti ilire.